Foni ya Chipatala pa Khomo la Apongozi

Tuntufye ndi Lughano, ana anga, ndikulemba izi chifukwa chifuwa changa sichindilolanso kulankhula nthawi yaitali. Ndikayamba nkhani pakamwa mpweya umandithera pakati, inu n'kuthamangira madzi, nkhani n'kufera pomwepo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndiye mukapeza pokhota muwongole nokha, koma musasinthe zimene ndanena. Ntchito andipumitsa ndisanakalambe, ndipo kwanu kuno alipo amene adzakuuzeni nkhani ya ine ndi agogo anu aamuna m'njira yawo. Imvaninso njira yanga.

2010, ku Mlare

Ntchito yanga yoyamba inali ya mopu ndi ndowa, pa kachipatala kena ka mpingo kufupi ndi Mlare. Ndinachoka kwathu ku Dowa kudzalera mwana wa achemwali anga, amene amuna awo anali apolisi, ndipo nditamva kuti kukufunika wokolopa ndinapita nditavala nsapato zobwereka. Chitumbuka sindinkachimva, Chinkhonde ndiye ayi ndithu. Kutentha kwa kuno kunkandidzutsira mphumu, moti masana ndinkakabisala kuseri kwa thanki ya madzi kuti asandione ndikupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa, poti ndinkaopa kuti andichotsa. Bwana wanga anali a Sisitala NyaMhango, mayi wamfupi woyenda ngati basi ikuwasiya. Sabata yoyamba isanathe anandipeza kuseri kwa thankiko.

"Iwe Esinati, ukubisa chiyani kuno, mimba kapena chifuwa?"

"Chifuwa, a Sisitala."

"Ndiye ukubisa chifuwa m'chipatala? Ukufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Tiye."

Anandipatsa kachitini kopopera m'kamwa, n'kundiuza kuti ndizikolopa m'mawa kusanatenthe. Kuyambira pamenepo anandikokera pafupi. Pa kachipatalako anthu ogwira ntchito anali ochepa, odwala ambiri, ndiye wokolopa sankangokolopa ayi. Anandiphunzitsa kutembenuza wodwala osamupweteka, kumusambitsa ali chigonere, kumanga bala, kukhazika munthu wobanika. Magolovesi akatha tinkavala timajumbo ta shuga m'manja. Mankhwala otsukira pansi akatha tinkathira madzi otentha n'kupemphera. Mjigo ukawonongeka ndinkasenza ndowa kuchokera kutali, a Sisitala akundikalipira kuti ndiziyenda pang'onopang'ono, eni akewo akuthamanga. Ine ndinali wamantha kuyambira kale, ndipo munthu wamantha amaona zambiri. Ndinkadziwa mayi amene akubisa kuti sanadye, ndi bambo amene wataya mapilisi pawindo, ndipo ndinkakanong'oneza a Sisitala.

Bambo anu, a Lusekelo, ndinawaonera komweko. Ankagula mpunga n'kumagulitsa, ndipo anabwera atasupuka mwendo pa njinga yamoto. Balalo linapola, koma iwo ankabwerabe kuti amangidwe. Tsiku lina a Sisitala anangoyang'ana mwendowo n'kunena kuti, "Achimwene, apa palibe chomanga. Chikukudwalitsanicho chili uko ndi mopu, pitani mukalankhule nacho musatithere bandeji."

2013, ku Iponga

Titakwatirana ndinapempha kusamukira ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, ndipo anandilola. Tsiku lomwe ndinafika pamudzi, agogo anu aakazi anandikhazika pamphasa kuseri kwa nthochi n'kundiuza mwambo. Anati banja lino silinatayebe za makolo. Mkamwana sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna, salowa m'nyumba mwawo, satchula dzina lawo, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka n'kudzifunda kumutu. Ndinafunsa kuti nanga munthu akalakwitsa chimachitika n'chiyani. Iwo anangoti, "Sitilakwitsa." Amayi ena kumjigo ndi amene anandiwonjezera, wina akuti umadwala osachira, wina akuti chimagwera mwana woyamwa. Palibe amene anaonapo, koma onse ankadziwa. Dzina la agogo anu mpaka lero sindinalitchulepo, ndipo ngakhale pa pepala lino simulipeza.

Musaganize kuti anali munthu woopsa. Zaka zonsezo nkhope yawo sindinaione, koma ndinkawadziwa. Ndinkadziwa zidendene zawo zong'aluka, poti ndikagwada m'mbali mwa njira nditafunda chitenje ndizo zimene ndinkaona. Ndinkadziwa belu la njinga yawo, limene ankaliyamba kuliza ali kutali kwambiri kuti ndipeze nthawi yopatuka, ndipo kukakhala matope ankatsika okha n'kulowa m'munda kuti ine ndisalowe m'madzi. Ali mnyamata anagwira ntchito ku mgodi wa ku Halale pamodzi ndi anthu a kwathu, ndiye Chichewa ankachilankhula bwino kuposa onse pamudzi. Akafuna kundiuza kanthu ankaima pabwalo n'kulankhula ndi mtengo wa mango.

"Uzani anthu a ku Dowa kuti ndiwo za dzulo zinali bwino, koma zikuoneka kuti kwawo mchere ndi waulere."

Ine ndili m'khitchini ndinkayankha poto. "Anthu a ku Dowa amva, achepetsa."

Iwe Tuntufye utabadwa unakhala mlatho wathu. Ndinkakuika pakati pa bwalo n'kutembenuka, iwo n'kubwera kudzakunyamula, ine n'kumamva akukuimbira nyimbo za kumgodi zimene agogo ako aakazi ankati si za ana. Kuntchito bwana anali a Zgambo, munthu wofatsa wosachedwa kutuluka thukuta, amene ankagawa panado ngati akugawa mbewu yomaliza. Madzi akasefukira msewu unkaduka, mankhwala osafika, ndipo tinkangotsegula chitseko kuti anthu aone okha kuti mashelefu ndi oyera.

2019

Chaka chimenechi ndinali ndi pakati pa iwe Lughano, ndipo ndinayamba kuzindikira kuti belu la njinga likumveka mwa apo ndi apo. Kenaka njinga inangoima pakhonde. Agogo anu ankatsokomola mouma, ndipo akamalankhula ndi mtengo wa mango ankadula mawu pakati ngati mmene ndikudulira ine masiku ano. Tonse tinati ndi TB. Anamwa mankhwala ake, osasintha. Bambo anu anawatengera ku chipatala chachikulu, kumene anawapopa madzi m'chifuwa n'kudula kanyama kukayeza. Zotsatira zinachedwa mpaka iwe Lughano unabadwa. Matendawo dzina lake ndi mezotiliyoma. Anati ndi khansa ya kachikopa kamene kamakuta mapapo, ndipo imayamba ndi fumbi la asibesitosi limene munthu anapuma kalekale, n'kukhala phee m'thupi zaka zambiri. Agogo anu atamva anati akulikumbukira fumbilo. Mgodi wawo wa ku Halale unali wa zimenezo. Linali loyera ngati ufa, linkagwera pa buledi, iwo n'kungopukuta ndi dzanja n'kudya, ndipo anyamata ankaseka kuti azungu akuwadyetsa ufa waulere.

Madokotala anati kuchiza sangathe, koma ululu ndi kubanika angathe kuchepetsa. Anawapatsa mofini wamadzi ndi tsiku lobwerera. Bambo anu anaona kuti mpunga wokha sungakwanitse maulendo amenewo, ndipo chaka chitangotembenuka anakwera basi ya ku Joni, akuti akagwire miyezi yochepa.

2020

Kenaka kunabwera korona. Malire anatsekedwa bambo anu ali tsidya lija. Ku zipatala zikuluzikulu anaimika matenti, ndipo munthu wotsokomola ndi wobanika akafika ankamulowetsa kwayekha, wachibale osaloledwa. Tinkamva kuti akamwalira amaikidwa ndi anthu ovala zoyera thupi lonse, abale ataima patali. Agogo anu anamva zonsezi pa wayilesi yawo. Tsiku lina anaima pakhonde atagwira mzati, n'kunena kuti mudzi wonse umve, "Ine ku tenti sindipita. Ndinagona kokwanira m'makomboni a eni. Ndifere m'nyumba imene ndinamanga."

Ine mantha anga anali pawiri. Ndinali ndi mphumu, ndinali ndi khanda kubere, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kumalo kumene anthu otsokomola amasonkhana. Masiki ndinali nayo ya nsalu, yosoka ndekha. Ndikafika kunyumba ndinkasamba kaye kuseri ndisanakugwireni, inu mukulira, ndipo wodwala aliyense akatsokomola ndinkagwira mpweya mpaka mutu kuzungulira.

Pakati pa chaka a Zgambo anatiitana n'kuika pathebulo foni yaikulu ndi kachipangizo kopanira chala koyezera mpweya m'magazi. Anati odwala khansa asamayendenso ulendo wautali, dokotala aziwaona pa vidiyo ali kwawo. Panafunika munthu woyenda nayo foniyo m'midzi. Anamwino anali otanganidwa, ndiye maso onse anagwera ine, poti njira zonse ndinkazidziwa ndipo njinga ndinkapalasa. Ndinaphunzira kuitchaja pa sola, kuikulunga m'jumbo mvula ikamagwa, ndi kusaka netiweki, imene kuno imathawira ku Tanzania ukangopendeka pang'ono. Pena ndinkakwera pachulu, wodwala atamunyamulira pampando pansi pake. Dokotala wathu anali a Mbewe, mayi wa ku Lilongwe woseka msanga, amene ndinangowadziwa kuyambira m'mapewa kupita kumwamba.

Odwala ena onse ndinkakhala nawo pafupi, kuwapana chala, kuonetsa dokotala lilime, maso, bala. Koma pa mndandanda panali agogo anu, ndipo apa ndiye panavuta. Tinapangana ndi agogo anu aakazi kuti ine ndiziimba ndili panja, n'kuwapatsira foni pawindo, kenaka n'kukhala pansi nditatsamira khoma, kumvetsera ndi kumasulira. Agogo anu aakazi maso anali atachita ng'ala, ndipo foni ankaigwira ngati mbale yotentha.

"Mayi, ndikuona denga," a Mbewe ankatero. "Denga labwino ndithu, koma silikudwala. Tsitsani pang'ono. Eya, tsopano ndikuona nkhuku."

"Auze kuti nkhukuyo si yogulitsa," agogo anu aakazi ankandiuza m'Chinkhonde, ndipo m'katimo ndinkamva agogo anu aamuna akuseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lina a Mbewe anandifunsa ndili ndekha panjira. "Esinati, kwa odwala onse mumalowa, bwanji kwa bambo awa mumakhala kunja?" Ndinawafotokozera. Sanaseke. Anati kwawonso apongozi amaopedwa, koma osafika pamenepo, ndipo ayesetsa ndi zimene akuona. Anawonjeza kuti, "Koma ndikuuzeni zoona. Matendawa akupita kutsogolo. Lidzafika tsiku loti denga silidzandikwanira."

2021, dzinja

Korona inabweranso mwamphamvu kuposa poyamba. Tsiku lina anthu onse anali kumadimba kuwokera mpunga. Ine ndinali nditavala kale yunifolomu yanga yobiriwira, iwe Lughano uli kumbuyo kuti ndikakusiye kwa anansi, foni ili m'chikwama. Ndinangoona agogo anu aakazi akubwera akupunthwa, alibe mpango kumutu.

"Amake Tuntufye, imba. Atate ako akumira."

Ndinafika pawindo, ndipo ndisanaimbe n'komwe ndinamva kapumidwe kake. Ine ndi wa mphumu, phokoso limenelo ndimalidziwa m'mafupa. Ndinaimba, a Mbewe anayankha ali m'wodi, atavala masiki ziwiri, kumbuyo kwawo anthu akuthamanga. Ndinapereka foni pawindo. Agogo anu aakazi anaigwetsa pansi, anaitola mozondoka, kachipangizo ka chala sanathe kukatsegula. A Mbewe anayesa kuwalangiza, kenaka anati andibwezere foni.

"Esinati, ndimvereni bwino, nthawi ndilibe. Munthu amene ndikumumvayo sindingamusiye osamuona. Mwina ndi matenda ake omwewo, ndipo pamenepo tingamuthandize ali pomwepo. Mwina ndi korona, kapena china. Ngati palibe wondionetsa, ndiuza a Zgambo aitanitse ambulansi, ndipo mukudziwa kumene ikawatsitse. Sindikukukakamizani. Ndikungokuuzani zimene ndichite."

M'katimo munamveka mawu, amodziamodzi ngati akuwakoka pachitsime. "Galimoto... ayi."

Ndinayang'ana agogo anu aakazi pawindopo. Sananene kuti lowa, sananene kuti usalowe, anangoyang'ana kumbali. Ndinayang'ana njira yonse ya kumadimba ngati kungatulukire mwamuna aliyense wa pamudzi, koma kunali ng'ombe zokha. Iwe Lughano unkandikoka tsitsi, ndipo m'mutu mwanga munali mawu a amayi a kumjigo aja, akuti chimagwera mwana woyamwa. Ndinali munthu wa mpingo, ndinagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, koma ndinganame ndikanena kuti sindinkakhulupirira. Ndinkakhulupirira theka, ndipo theka ndi lokwanira kuumitsa miyendo. Ndinaganizanso kuti ngati ili korona, chifuwa changachi sichingalimbe. Chifuwacho chinayamba kulira pomwepo. Ndinapopera mankhwala m'kamwa, ndinakumasula n'kukupereka pawindo kwa agogo ako aakazi, ndinakweza masiki, n'kukankha chitseko chimene ndinali ndisanachigwirepo chikwatiwire.

M'chipindamo munali mdima ndi utsi. Agogo anu aakazi, poganiza kuti mphepo ya dzinja ndi imene ikuwapweteka, anali atatseka timabowo tonse ndi nsanza n'kuyatsa mbaula pafupi ndi bedi, ndipo anali atawagoneka chagada n'kuwafunditsa mabulangete. Anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, ndipo musadzawanene. Agogo anu aamuna atamva kuti mapazi alowawo si a mkazi wawo, anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Munthu woti mpweya ukumuthawa, anakoka nsalu ndi dzanja lake lowonda n'kudziphimba kumaso, kuti ine ndisalakwe.

"Ndikuona nsalu," a Mbewe anatero. "Ndikufuna milomo ndi maso."

Ndinagwada. Ndinati, "Pepani, tata." Ndinagwira nsaluyo, iwo anaigwirabe pang'ono, kenaka anaisiya. Anatseka maso kolimba. Ndinaona nkhope ya iwe Tuntufye itakalamba, mphumi yomweyo, makutu oimirira omwewo, ndipo ndinadabwa kuti ndakhala ndikusambitsa nkhope imeneyi tsiku ndi tsiku osadziwa mwini wake.

Zotsatira zake zinali ntchito basi. A Mbewe ankalamula, manja anga ankachita. Mbaula kunja, nsanza zonse kuzula, chitseko chotsegula. Ndinawadzutsa n'kuwakhazika atawerama pa mtondo umene ndinauikira pilo. Ndinawapana chala n'kuonetsa dokotala manambala, ndinawagwira pamphumi, thupi silinali lotentha. Ndinaonetsa nthiti mmene zikukokera, mbali imodzi ikuyenda, ina ili duu. Botolo la mofini linali lodzaza kuposa mmene linayenera kukhalira, poti agogo anu aakazi ankawapatsa pang'ono poopa kuti litha msewu utaduka. Ndinayeza mlingo umene a Mbewe ananena n'kuwamwetsa, kenaka ndinatenga lichero n'kumawakupiza kumaso. A Mbewe anapita kwa odwala ena foni ili m'thumba, n'kumabwerera kudzafunsa. Dzuwa litafika pamutu mapewa a agogo anu anatsika, phokoso lija linachepa, milomo inabwerera mtundu wake.

"Chabwino," a Mbewe anatero. "Izi ndi za matenda awo, pamodzi ndi utsi uja. A Zgambo abwere adzawayeze korona kuti tonse mitima ikhale pansi, koma galimoto sinditumiza. Bambo, mukundimva? Mugona kwanu."

Agogo anu, maso ali chitsekere, anathokoza m'Chinkhonde kuti, "Ndagha."

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinasamba, ndinakutenga iwe Lughano, ndinakuyang'ana m'maso, m'kamwa, m'khwapa, kufuna chizindikiro. Unangofuna bere.

Nkhani siichedwa pamudzi. M'mawa mwake kunafika azakhali a bambo anu, mlongo wawo wa agogo anu, amene amakhala ku Ngara. Anakhala pabwalo ndi akuluakulu ena, ine ndili chapatali nditafunda. Anati chachitikachi sichinachitikepo m'banja lino, ndipo ndiyenera kubwerera ku Dowa mpaka mwamuna wanga adzabwere, ana atsale. Agogo anu aakazi anayesa kulankhula, anawadula. Kenaka pawindo panamveka kugogoda kwa ndodo, ndipo bwalo lonse linadikira kuti wodwala asonkhanitse mpweya.

"Mukuweruza ndani? Mkamwana wanga muno sanalowe. Ine maso ndinatseka, koma mkazi wanga akuti munalowa chipatala, chovala zobiriwira."

Azakhali anati, "Achimwene, chipatala chimabereka mwana kumbuyo?"

"Chipatala cha masiku ano chikulowa m'thumba la malaya. Chingalephere kubereka mwana?"

Mkulu wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Azakhali sanaseke, koma mwini nyumba anali atanena, ndipo panalibe wina wofuna kukagwira foniyo. Azakhaliwo anakwera galimoto yobwerera kwawo osanditsanzika.

2021, mpunga ukucha

Kuyambira pamenepo tinakhala ndi lamulo latsopano, ndipo tonse tinalisunga ngati lochokera kwa makolo. Ndikavala yunifolomu ndinali chipatala, ndinkalowa, kuwapana chala, kuwatembenuza, kutsuka chotupa chimene chinatuluka pamene anawabaya popopa madzi. Iwo nthawi yonseyo ankatseka maso, ndipo ankanditchula kuti a nesi, ine wa mopu. Ndikavula ndinali mkamwana, ndinkadutsa kuseri kwa nyumba nditafunda monga kale. Korona anawayeza, sanawapeze nayo. A Mbewe ankaimba sabata ndi sabata, ndipo tsopano ankaona munthu. Ankasintha mlingo wa mofini, anaphunzitsa agogo anu aakazi kuti botolo likatha lina libwera, ndipo pena ankangocheza nawo za ku Halale. Bambo anu nawonso tinawalumikiza ali ku Joni. Ine ndinagwira foni, bambo ndi mwana wake akuyang'anana, onse akunamizana kuti ali bwino.

Tsiku lina agogo anu anafunsa kuti, "A dokotala, mpunga uwu ndidya?"

A Mbewe anati, "Bambo, sindikuganiza choncho. Koma sindilola kuti muvutike, ndipo sindikuchotsani pamenepo."

"Basi, ndi zomwezo ndimafuna. Mpunga ndadya wambiri."

Tsiku lomaliza linali Loweruka. Yunifolomu ndinali nditaichapa, ili pachingwe ikudontha, pamene agogo anu aakazi anabwera mwakachetechete n'kuti akundifuna. Ndinathamangira kuchingwe kuti ndiivale yonyowa yomweyo, koma anandigwira mkono.

"Isiye. Sakufuna chipatala. Anena kuti ubwere iweyo."

Ndinalowa ndi chitenje changa cha kukhitchini, chonunkha utsi, n'kugwada pakhomo maso pansi. Anandiuza kuti ndisendere. Nditakweza mutu ndinapeza maso awo ali otsegula, akundiyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu amene akuona mlendo amene wakhala akumumvera mbiri.

"Kodi ndiwe wamfupi chonchi," anatero. "Mawu ako ndi a munthu wamtali."

Ndinaseka, misozi ikugwa. Anatambasula dzanja, ndinaligwira popanda kachipangizo kalikonse. Anamwalira masana omwewo atatsamira pa chifuwa cha mkazi wawo, chitseko chili chotsegula, iwe Tuntufye ukusewera pakhonde. Ndinaimbira a Mbewe. Anavula masiki, ndipo aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kuona pakamwa pawo. Anapepesa banja, n'kuuza a Zgambo kuti imfayi si ya korona, ndiye abale asambitse ndi kuika okha munthu wawo, bola anthu asachuluke.

Korona inadzandipeza ine patapita miyezi, kuntchito, ndipo ndi imene inamaliza chifuwa chimene mphumu inayamba. Ndinakokerakokera zaka zingapo mpaka a Zgambo anandiuza mwaulemu kuti njinga ndi mopu zandikanika. Iwe Lughano sunadwale, ndiwe wonenepa kuposa anzako onse. Azakhali a ku Ngara mpaka lero amati kupuma kwangaku ndi malipiro a chitseko chija, ndipo mukadzawamva musadzakangane nawo, ndi akuluakulu, ndipo nawonso anataya mlongo wawo. Ine sindidziwa zonse. Mantha sanandichoke, ndimadzukabe kudzamvetsera ngati mukupuma. Koma mukafuna agogo anu simudzafunsa munthu wa boma kuti anawaika kuti. Ali kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa nthochi, pamene anasonyeza okha. Udzu ukamera muzikalimira.